Mbiri ya Chilembo I ndi Mawu Ake m'Chingerezi

Pa zilembo 26 za Chingerezi, I ndi chachisanu ndi chinayi, ndipo palibe china chosavuta kulemba ngati icho. Ndi kamzere kamodzi koimirira, basi. Ngakhale mwana amene sanayambe sukulu akhoza kukajambula ndi chala padothi. Komatu kamzereka sikanayambe kali kamzere, ndiponso kwawo si ku England. Kanayamba kali chithunzi cha mkono wa munthu, ndipo kanayenda zaka pafupifupi 2,000 kasanaponde pa chilumba cha Britain. Mawu amene lero adzaza masamba a I m'dikishonale nawonso ambiri ndi obwera. Masambawo ali ngati mudzi umene eni nthaka anatsala owerengeka, ngakhale kuti ndi iwo amamveka pabwalo tsiku ndi tsiku, pamene alendo anafika gulu ndi gulu n'kumanga mpaka kudambo.

Nkhani imayambira kwa anthu aganyu. Ku Egypt wakale kunali kalembedwe ka zithunzi mazanamazana, kamene munthu ankatha zaka akukaphunzira, motero kulemba inali ntchito ya alembi a mfumu ndi ansembe. Koma m'dzikomo munalinso alendo olankhula zinenero zapachibale ndi Chiheberi ndi Chiarabu, ndipo ena a iwo ankakumba miyala yobiriwira yamtengo wapatali ku Serabit el-Khadim, m'chipululu cha Sinai. Pakati pa anthu otere, zaka pafupifupi 1,800 Khristu asanabadwe, ndi pamene panatuluka nzeru yachidule: kutenga chithunzi cha chinthu chodziwika n'kuchiimiritsa liwu loyamba lokha la dzina la chinthucho. Mutu wa ng'ombe, nyumba, madzi, diso, chilichonse chinatenga liwu limodzi. Dzina la mkono linkayamba ndi liwu la y, choncho chithunzi cha mkono wopinda chinakhala chilembo cha liwu limenelo, ndipo chinadzadziwika kuti "yodh". Zolemba zawo zogoba pamiyala anazipeza Flinders Petrie ndi mkazi wake Hilda mu 1905.

Amene anazifalitsa zilembozi ndi amalonda a ku Phoenicia, eni mizinda ya Tyre, Sidon ndi Byblos, kumene lero kuli dziko la Lebanon. Anali ndi zilembo 22, "yodh" chili chakhumi, ndipo ankayenda nazo m'zombo pamodzi ndi matabwa a mkungudza ndi nsalu zofiirira. Agiriki ankasimba kuti zilembo anabwera nazo kwawo ndi Kadmos, mwana wa mfumu ya ku Phoenicia amene anachoka kwawo kukafunafuna mlongo wake wobedwa, ndipo Herodotus, wolemba mbiri uja, anailemba nkhaniyi. Kadmos ndi munthu wa m'nthano, koma kumene nthanoyo ikuloza n'koona. Cha m'ma 800 Khristu asanabadwe Agiriki anatengadi zilembozo n'kuchita chinthu chimene eni ake sanachiganizire. Anthu a ku Phoenicia sankalemba a, e, i, o, u. Wowerenga ankangodzaza yekha m'mutu. Agiriki anatenga zilembo zingapo n'kuzipatsa ntchito imeneyi, ndipo "yodh" chinasanduka "iota", choimira liwu la i, lomwe lija timalitchula m'mawu oti ine ndi inu. Mkono wopinda uja unkasokonezeka ndi chilembo china chokhotakhota, choncho anauwongola mpaka unatsala kamzere.

Popeza kanali kakang'ono kuposa zilembo zonse, dzina lake linayamba kutanthauza kanthu kochepetsetsa, ndipo mpaka lero Mngerezi akanena kuti "iota" kapena "jot" ndiye kuti akunena kanthu kosaoneka ndi maso. Koma kuchepa sikunakaletse kuyambanitsa anthu. M'zaka za m'ma 300, pambuyo pa msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, mabishopu anakangana kwa nthawi yaitali pa mawu awiri a Chigiriki osiyana ndi "iota" mmodzi yekha. Mawu ena ankati Mwana ndi Atate ali ndi chikhalidwe chimodzi, enawo ankati zikhalidwe zawo n'zofanana chabe. Anthu anachotsedwa pamipando, ena anathamangitsidwa m'mizinda yawo.

Kuchokera kwa Agiriki chilembochi chinapita kwa anthu a ku Etruria, pakati pa Italy, ndipo kwa iwo ndi kumene Aroma anachitenga. Aroma anachisenzetsa katundu pawiri: liwu la i, komanso liwu la y likakhala patsogolo. Dzina la Julius Caesar iwo ankalilemba kuyamba ndi I, n'kumalitchula Yuliyusi. Ndi chifukwa chake pamtanda wa m'tchalitchi pamalembedwa INRI, I woyamba kuimira dzina la Yesu, womalizayo kuimira Ayuda. Chilembo J kunalibe, ndipo panadutsa zaka zoposa 1,000 chisanabadwe.

Aroma analamulira Britain kuyambira chaka cha 43 mpaka cha m'ma 410, koma pa nthawiyo pachilumbapo panalibe Chingerezi. Chinabwera ndi mafuko atatu, Angles, Saxons ndi Jutes, amene anawoloka nyanja kuchokera kumene lero kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany. Bede, mmonke amene analemba mbiri ya anthuwa cha m'ma 730, anasunga zimene makolo ankasimba, zoti oyamba kufika anali abale awiri, Hengist ndi Horsa, amene anaitanidwa ndi mfumu ina kuti adzaithandize nkhondo, kenako n'kuitembenukira. Obwerawa anali ndi zilembo zawozawo zogoba pamitengo ndi pamiyala, ndipo liwu la i nalonso ankalilemba ndi kamzere koimirira, dzina lake "is", kutanthauza madzi oundana. Zilembo za Chilatini zinawapeza ndi Chikhristu, kuchokera mbali ziwiri. Augustine anafika ku Kent mu 597 atatumidwa ndi Papa Gregory, ndipo amonke a ku Ireland anatsika kuchokera ku chilumba cha Iona n'kumanga ku Lindisfarne mu 635.

Mawu a nthawi imeneyo ndiwo eni nthaka aja. Ndi aafupi, ndipo amanena zinthu za tsiku ndi tsiku za anthu olima m'dziko lozizira. "Is" uja ndiye "ice" wa lero. "Iren" anali chitsulo, lero "iron". "Ifig" chinali chomera choyanga pamakoma ndi pamitengo, lero "ivy". "Inn" inali nyumba yogonamo, ndipo "idel" ankanena chinthu chopanda kanthu m'kati, chachabechabe, tanthauzo la ulesi la "idle" linabwera pambuyo. Ena sanali a I nkomwe. "It" anali "hit", h n'kudzagwa m'njira, ndipo "if" ankalembedwa "gif". Mlendo mmodzi amene anafika msanga ndi "inch", wochokera ku mawu a Chilatini otanthauza gawo limodzi mwa magawo 12, inchi yomweyi imene akalipentala athu amapimira matabwa ndi misomali. Mukawerenga tsamba lililonse la Chingerezi mupeza kuti "in", "is", "it", "if" ndi "I" akubwera mzere ndi mzere, pamene mawu aatali aja amangoonekera apo ndi apo.

Mu 793 zombo za anthu a ku Scandinavia zinaukira Lindisfarne, ndipo patapita zaka ambiri a iwo anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, n'kukwatirana ndi eni dziko. Pa masamba a I anasiyapo mawu amodzi odziwika, "ill". Poyamba ankatanthauza choipa, chankhanza. Zoti munthu akudwala zinadza mochedwa.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300 chinenero cha kunyumba yachifumu, cha kukhoti ndi cha eni minda ikuluikulu chinali Chifalansa, cha kutchalitchi ndi kusukulu chinali Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala cha olima ndi antchito. Pamene chinkadzabwereranso pamwamba, chinali chitameza mawu masauzande a mabwana ake. Mawu amenewa aliyense ali ndi nkhani yake. "Ink", inki yathuyi, imachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chowotcherera, dzina la utoto wofiirira umene mafumu a Roma ankasainira makalata. "Ivory" ndi minyanga ya njovu, katundu amene zaka mazana ambiri pambuyo pake anadzakokera amalonda ku Nkhotakota ndi ku Karonga. "Infant" kwa Aroma anali wosalankhula, ndiye kuti khanda, ndipo kudzera m'Chitaliyana mawu omwewo anabala "infantry", asilikali oyenda pansi, poti amenewo anali anyamata osayenera kukwera kavalo. "Idiot" kwa Agiriki sanali chitsiru ayi. Anali munthu wamba wopanda udindo, wongosamala zake.

Awiri mwa mawu a m'gululi ndi ofunika kuwaona bwino, chifukwa akusonyeza mmene anthu ankakhalira. Tchalitchi chinkaletsa kubwereketsa ndalama mwakatapira, koma chinkalola kuti wangongole akachedwa kubweza alipire chipukutamisozi kwa mwini ndalama. Chipukutamisozi chimenecho chinkatchedwa ndi mawu a Chilatini otanthauza kuti nkhaniyi ikundikhudza, ndipo ndi amene anadzakhala "interest". Amalonda anapeza khomo pamenepo, n'kumapangana kale tsiku lochedwera. Ndicho chifukwa chake mawu amodzi omwewo lero amatanthauza chiwongoladzanja cha kubanki komanso chidwi chimene munthu ali nacho pa chinthu. Winayo ndi "indenture". Anthu awiri akapangana, mlembi ankalemba panganolo kawiri pachikopa chimodzi, n'kuchidula pakati mokhotakhota kuti m'mphepete mukhale manomano. Aliyense ankatenga mbali yake, ndipo pakabuka mlandu ankazilumikiza kuti aone ngati manowo akulumana. Dzina linachokera ku mano amenewo. Zikopa zitatha ntchito mawuwo anatsala, ndipo ndi amene analembedwa pa mapangano a amwenye amene anayamba kufika ku Durban mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal.

M'zaka zomwezi ndi mmene i wamng'ono anapezera kadontho kake. Alembi a nthawiyo ankalemba ndi nthenga, mothinana, pofuna kusunga chikopa chimene chinali chodula. Zilembo i, u, m ndi n zonse zinkapangidwa ndi timizere tofanana toimirira, motero mawu ngati "minimum" ankaoneka timizere 15 tondondozana, wowerenga osadziwa pamene chilembo chathera. Kuyambira cha m'ma 1000 alembi anayamba kuika kamzere kopendekeka pamwamba pa i, ndipo m'kupita kwa nthawi kanafupika mpaka kukhala kadontho. Ena ankangothawa vutolo polemba y m'malo mwa i, chizolowezi chimene chinatsalira kumapeto kwa mawu ngati "city" ndi "ivy".

Vuto lomwelo ndi limene linakulitsa mlowam'malo "I", woimira ine. M'Chingerezi chakale anali "ic", kenako "ich", mbale wake wa "ich" wa Chijeremani. Kumpoto kwa England anthu anayamba kumeza mathero ake mpaka panatsala i yekha, ngakhale kuti akumidzi a kumwera chakumadzulo anakakamira "ich" kwa zaka mazana angapo. Tsono kamzere kamodzi kokhala pakokha pakati pa mawu kankasowa, kapena kankaoneka ngati nthenga yangodontha. Cha m'ma 1200 ndi 1300 alembi anayamba kukatalikitsa, ndipo osindikiza mabuku atabwera anakhazikitsa chilembo chachikulu. Pali anthu amene amakonda kunena kuti Mngerezi amalemba ine ndi chilembo chachikulu, inu ndi chaching'ono, chifukwa chodzikuza. N'zomveka kuti ife tiganize choncho, poti kwathu kuno ulemu umapita kwa amene ukulankhula naye, ndipo munthu mmodzi timamutchula inu kapena iwo. Koma mlanduwu ndi wa nthenga ndi chikopa, si wa mtima wa Mngerezi.

Kenako panachitika chinthu chimene chimazunza ana a sukulu mpaka lero. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa ku London amene anamwalira mu 1400, akanaona mawu oti "ice" akanawatchula kuti iis, ndipo "I" akanamutchula kuti ii. Kuyambira nthawi yake mpaka cha m'ma 1700, katchulidwe ka mawu ku England kanasuntha pang'onopang'ono, ndipo i wokoka anasanduka ai. Otto Jespersen, katswiri wa zinenero wa ku Denmark, ndi amene anadzakupatsa dzina kusinthaku. Tsoka lake n'lakuti William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, kusinthako kuli m'kati. Kalembedwe kanaima, pakamwa n'kumapitirira. I wamfupi wa mu "in", "ill" ndi "ink" sanasunthe, koma wa mu "ice", "iron", "idle" ndi "ivy" anapita. Choncho mwana wa Sitandade 3 amene amawerenga I aliyense monga amachitira m'Chichewa akutsata katchulidwe ka Aroma ndi ka Chaucer. Anasintha ndi Angerezi.

Ophunzira a m'ma 1500 anawonjezera chisokonezo china ndi manja awo. Pokonda Chilatini, ankalowetsa zilembo m'mawu kuti aoneke kumene anachokera. Anaika c mu "indict", amene mpaka lero satchulidwa. Anaika s mu "isle", mawu a Chifalansa ochokera ku "insula". Ndiye poganiza kuti "iland" ndi mbale wake, anamuikanso s. Koma "iland" ndi mwini nthaka, wochokera ku "igland" wa makolo aja, ndipo alibe chibale chilichonse ndi Chilatini. Aliyense amene amalemba "Likoma Island" amanyamula s wa kulakwitsa kwa anthu ophunzira.

Nthawi yomweyo ndi imene masamba a I anafufuma. Mabuku a Chigiriki ndi Chilatini ankamasuliridwa ambirimbiri, ndipo omasulira akasowa mawu ankangotenga a Chilatini n'kuwadula mchira: "imitate", "illustrate", "immature", "insane", "impede". Ena zinawanyansa. John Cheke, mphunzitsi wa Chigiriki ku Cambridge, ankafuna Chingerezi chosasakaniza, ndipo Thomas Wilson, m'buku lake la mu 1553 lophunzitsa kulankhula pagulu, anaseka anthu olankhula mawu amene ngakhale amayi awo owabereka sakanawamva. Mawu otere anawapatsa dzina lachipongwe loti "inkhorn", kanyanga kosungiramo inki, kutanthauza kuti ndi mawu ongotha inki. Pa mkanganowo sanapambane ndi mmodzi yemwe. Anthu anasunga ena n'kutaya ena popanda lamulo. "Impede", kutchinga, alipo mpaka lero, koma mnzake "expede" anafa, monganso "ingent", amene ankatanthauza chachikulu kwambiri.

Ambiri mwa mawu amenewa amayamba ndi kachidutswa "in", ndipo apa ndi pamene pagona msampha. Chilatini chinali ndi tizidutswa tiwiri tolembedwa chimodzimodzi koma tosiyana ntchito. Kena kamakana: "insane" ndi wosalongosoka mutu, "invisible" ndi chosaoneka. Kenako kamalowetsa m'kati: "include" ndi kuphatikizamo, "inject" ndi kubayiramo. Tonse tiwiri timasintha potengera chilembo chotsatira, n kusanduka m patsogolo pa p ndi b, monga zimachitikira kwathu mu mbuzi ndi mphasa, kapena kusanduka l ndi r. Motero pali "impossible", "illegal" ndi "irregular" mbali yokana, "import", "illuminate" ndi "irrigate" mbali inayo. Poyang'ana chabe simungadziwe kuti ndi kati. "Invaluable" si chinthu chopanda phindu, koma chamtengo wosawerengeka. "Inhabitable" ndi malo oti munthu angathe kukhalamo. Choopsa ndi "inflammable", chinthu chosachedwa kuyaka, chimene anthu ambiri ankachimva ngati chosayaka. M'zaka za m'ma 1900 oona za ngozi za moto ku America analimbikitsa kuti pazitini ndi pamathanki a mafuta pazilembedwa "flammable", kuti munthu asafe chifukwa cha galamala.

J anabadwa mochedwa, ndipo anabadwa kuchokera mwa I. Poyamba anali I yemweyo wokokedwa mchira, amene alembi ankamuika kumapeto kwa manambala a Chiroma, monga polemba iij m'malo mwa iii. Mtaliyana wina, Gian Giorgio Trissino, ananena mu 1524 kuti ziwirizi zikhale zilembo zosiyana, koma ku England zinatenga nthawi. Baibulo la King James litasindikizidwa koyamba mu 1611, mayina a Yesu, Yohane ndi mfumu James yemweyo anayamba ndi I. Kope la ku Cambridge la mu 1629 ndi limene linawasiyanitsa. Madikishonale anachedwa kuposa pamenepo. Yoyamba yomasulira Chingerezi m'Chingerezi, ya Robert Cawdrey ya mu 1604, inali ndi mawu ovuta pafupifupi 2,500, ndipo sinavutike ndi mawu amene aliyense ankawadziwa. Ya Samuel Johnson ya mu 1755, ya mawu oposa 42,000, inasakaniza I ndi J pamndandanda umodzi, moti wofuna "ice" ankayamba wadutsa "jackal" ndi "jar". Noah Webster ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anali mmodzi wa amene anazipatsa malo osiyana. Ndipo pamene dikishonale yaikulu ya Oxford inkalembedwa, mawu a I anagwera James Murray, mwana wa telala wa ku Scotland amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14. Ankagwirira ntchito m'kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba yake, akusanja timapepala timene anthu ongodzipereka ankatumiza kuchokera m'mayiko ambiri, kalikonse kali ndi chiganizo chosonyeza mmene mawu ena anagwiritsidwira ntchito. Buku la H mpaka K linatuluka mu 1901, ndipo ntchito yonse inatha mu 1928, Murray atamwalira kale.

Pa nthawi imeneyi zombo za Angerezi zinali zitazungulira dziko lonse, ndipo zinkabwerako ndi mawu. "Indigo", utoto wabuluu wonyikira nsalu, dzina lake limangotanthauza chochokera ku India. "Iguana", buluzi wamkulu wa ku zilumba za Caribbean, anadzera m'Chisipanishi. "Igloo" kwa a Inuit ndi nyumba iliyonse, koma Angerezi anasunga mawuwo kunena ya madzi oundana yokha. "Imam" anachokera ku Chiarabu, wotsogolera mapemphero. Gulu lotikhudza ife ndi la Chizulu: "impala", nswala ija, "impi", gulu la ankhondo, mawu amene anamveka kwambiri ku Britain Azulu atagonjetsa asilikali a Angerezi ku Isandlwana mu 1879, "indaba", bwalo lokambirana nkhani, ndi "induna", mkulu wothandiza mfumu. Mawuwa anagwera pa I chifukwa m'Chizulu dzina limayamba ndi liwu lotsogolera, ndipo Angerezi analitenga lonse osadula.

Ife tinachita mosiyana. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene akuluakulu amasimba kuti kadamsana anagwira dzuwa masana, ndipo anabwera ndi "induna" yemweyo. Pakamwa pa Achewa i wakutsogoloyo anagwa, n'kutsala nduna, mawu amene lero timatchulira akuluakulu a boma ku Capital Hill. I uja anatsalira m'maudindo a Angoni, monga Inkosi ya Makhosi. Chizolowezi chodula mutuchi chinagwiranso mawu a Chingerezi. "Influenza" ndi mawu a Chitaliyana amene analowa m'Chingerezi mu 1743, mliri utafalikira ku Ulaya, ndipo ndi mbale wa "influence", mphamvu imene akale ankakhulupirira kuti imatsika kuchokera ku nyenyezi n'kulowa mwa anthu. Matendawa anapha anthu ambiri ku Nyasaland kumapeto kwa 1918, asilikali ndi amtengatenga akubwerera kuchokera kunkhondo, ndipo dzina lake kwathu linakhala fuluwenza. "Injection" naye anasanduka jekeseni.

Asayansi anawonjezera gulu lawo, ndipo iwo mawu ankachita kuwapanga dala, pobwerera ku Chigiriki ndi Chilatini. Bernard Courtois wa ku France anatulukira "iodine" mu 1811 m'phulusa la zomera za m'nyanja, ndipo dzina lake linachokera ku mtundu wofiirira wa nthunzi yake. Ndi ayodini yemweyu amene amathiridwa mumchere kuti anthu asatupe chithokomiro. Michael Faraday anabweretsa "ion" mu 1834. "Insulin", amene Frederick Banting ndi Charles Best anamupeza ku Toronto mu 1921, n'kupulumutsa odwala matenda a shuga, anatchedwa choncho chifukwa amapangidwa m'timagulu ta maselo tooneka ngati tizilumba m'kati mwa kapamba. Ndi "insula" uja wabweranso, amene anasocheretsa alembi a "island".

Kwathu Chingerezi chinalowera m'sukulu za mishoni, Livingstonia kuyambira 1875 ndi Blantyre 1876, kenako sukulu yaikulu ya Robert Laws ku Khondowe mu 1894, imene inatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri amene anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Mawu a I amene anthu anakumana nawo poyamba sanali aafupi aja, koma aatali a m'maofesi, mawu a insipekitala wa sukulu ndi a pepala la msonkho. Amodzi mwa iwo, "independence", anthu anawaphunzira kwa atsamunda n'kuwatembenuzira kwa atsamunda omwewo, mpaka pa 6 July 1964. Lero wophunzira sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ndipo ambiri amaloweza mindandanda ya mawu usiku wonse, "illicit", "imminent", "incessant", "indispensable". Kuloweza kuli ndi malo ake, koma mphunzitsi amene angapatule tsiku limodzi n'kufotokoza tizidutswa tiwiri tija ta "in" angawapeputsire katundu ana ake kuposa mndandanda wa masamba khumi.

Gulu lomaliza kufika ndi la makompyuta. "Internet" ndi chidule cha mawu otanthauza kulumikizana kwa maukonde a makompyuta, amene akatswiri a ku America ankawagwiritsa ntchito m'ma 1970. Mu 1998 kampani ya Apple inatulutsa iMac, i wamng'ono kutsogolo, chilembo chachikulu pambuyo, zimene mphunzitsi aliyense wa galamala akanazilemba mzere wofiira. Panatsatira iPod mu 2001 ndi iPhone mu 2007. Kwa zaka zambiri manyuzipepala ankalemba "Internet" ndi I wamkulu ngati dzina la malo, mpaka mu 2016 pamene bungwe la atolankhani la Associated Press linati alembedwe ndi wamng'ono, poti wasanduka chinthu wamba. Mawu atsopanowa Chichewa sichikuwadulanso mutu: timati intaneti, inshuwalansi, intavyu, mwina chifukwa tsopano timawaona olembedwa tisanawamve. Ndipo ambiri mwa iwo ndi akale ongopatsidwa ntchito ina. "Icon" chinali chithunzi chopatulika cha m'matchalitchi a Agiriki, lero ndi kachithunzi kodina pafoni. "Influencer" analipo kale m'Chingerezi cha m'ma 1600, koma pano ndi mtsikana kapena mnyamata wa otsatira ambiri pa Instagram ndi TikTok, amene makampani a mafoni ndi a zodzoladzola amamulipira kuti aonetse katundu wawo.